Kulephera phunziro limodzi ndi GPA ya pa CV: yankho kwa achemwali amene mwafunsa

Achemwali, mwati munalephera Statistics m'chaka chachiwiri pa koleji ina kuno ku Mzuzu, munabwereza n'kukhoza, ndipo pano mukulemba CV. Mukufunsa ngati kulephera kuja kwaononga GPA yanu (avareji ya mapointi a magiredi anu), komanso ngati mungangochotsa phunzirolo n'kuwerengera nokha avareji, monga ena akukuuzirani. Ndiyambe ndi lachiwirili chifukwa ndilo lingakupwetekeni. Musachotse, chonde. Nambala imene mulembe pa CV ikhale yomweyo imene ili pa transcript, chikalata cha magiredi anu onse chodindidwa ndi sukulu, osawonjezera ngakhale kadontho.

Tsopano tiwerengere limodzi, muone kuti bala lake si lalikulu monga mukuopera. GPA sawerenga pongophatikiza magiredi n'kugawa. Giredi iliyonse ili ndi mapointi ake, ndipo mapointiwo amachulukitsidwa ndi makirediti a phunzirolo, nambala yosonyeza kulemera kwake. Pa muyeso wa 4.0, umene ndi wofala kwambiri, A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1, F ndi 0. Tiyerekeze kuti semesita ija munali ndi maphunziro asanu a makirediti atatu lililonse, anayi munapeza B, limodzi F. Mapointi ndi 36, makirediti ndi 15, GPA ya semesitayo ndi 2.4 m'malo mwa 3.0. Apa ndi pamene munthu amaona ngati kumwamba kwamugwera, chifukwa F sabweretsa pointi iliyonse koma makirediti ake amawerengedwabe pogawa paja.

Koma digiri si semesita imodzi. Tiyerekezenso kuti zaka zinayi zonse muli ndi maphunziro 40, makirediti 120, ndipo onse mwapeza B, kuphatikizapo lobwerezalo. Ngati sukulu yanu imafufuta giredi yakale n'kuikapo yatsopano, muli pa 3.0 ndithu. Ngati imawerenga zonse ziwiri, mapointi ndi 360, makirediti 123, mukupeza 2.93. Supuni ya mchere imene ingaononge mbale imodzi ya ndiwo, mumphika wa pa ukwati simungaimve n'komwe.

Chimene muyenera kufufuza ndi lamulo la sukulu yanu, chifukwa Mzuni ku Luwinga, Unilia ku Kaning'ina ndi St John of God aliyense ali ndi buku lake la malamulo a mayeso. Pitani ku ofesi ya registrar mukafunse kuti pa transcript yanu phunzirolo analilemba bwanji. Kulemba sapu (mayeso olembanso ukalephera) ndi kubwereza phunziro lonse si chinthu chimodzi. M'masukulu ambiri ukakhoza sapu amangokupatsa malikisi a pamalire okhozera, ngakhale unalemba bwino chotani, pomwe wobwereza malo ena amapatsidwa malikisi ake enieni. Mufunsenso ngati zaka zonse zimalemera mofanana potulutsa kalasi ya digiri, popeza pali masukulu amene amayang'ana kwambiri zaka zomalizira. Ngati kwanu zili choncho, vuto la chaka chachiwiri limachepa kwambiri.

Kunena zoona, kuno kwathu GPA pa CV si chinthu chimene mabwana ambiri amachifuna. Tsegulani Nation kapena Daily Times muone zolengeza za ntchito. Amanena digiri yakutiyakuti yochokera kusukulu yovomerezeka ndi NCHE (bungwe loyang'anira maphunziro a m'makoleji ndi m'mayunivesite), zaka zimene mwagwirapo ntchito, makope a masatifiketi, ndi mayina a anthu atatu okuchitirani umboni. Akafuna kusefa, amatchula kalasi ya digiri: Credit, Distinction, Upper Second, malinga ndi mmene sukulu imatchulira. Ndakhalapo pa gulu lofunsa anthu ntchito mumzinda muno, ndipo chimene tinkayang'ana ndi satifiketi yeniyeni ija munthu wabwera nayo mu envulopu, kenako mmene akuyankhira. Choncho ngati sanafunse GPA, ndipo yanu siyokopa, ingolembani dzina la digiri, sukulu, chaka ndi kalasi. Uku si kubisa ayi. CV si malo olembapo phunziro lililonse limene munachita. Malo otsalawo lembanipo za kafukufuku wanu wa chaka chomaliza ndi kumene munachita attachment, zimene munagwira kumeneko ndi manja anu.

Pamene nkhani imasintha ndi pofuna sikolashipu kapena masters. Kumeneko transcript amaifuna yonse, ndipo phunziro lija lidzaoneka, kaya ndi F pambali pake, kaya ndi chizindikiro chakuti linabwerezedwa. Chevening, sikolashipu ya boma la UK, nthawi zambiri imafuna digiri yofanana ndi Upper Second ya ku UK, ndiponso zaka ziwiri zogwira ntchito. Mayunivesite ambiri a ku America amaika 3.0 ngati poyambira, ndipo ena amakutumizani ku bungwe ngati WES kuti liwerengere magiredi anu pa muyeso wa kwawoko. Ndiye taganizani, inu mwalemba 3.2 ya m'mutu mwanu, iwo pepala lochokera kusukulu likunena 2.9. Sadzaganizanso za Statistics. Adzangoti munthuyu ndi wabodza, ndipo pamenepo khomo latsekeka. Ngakhale pa ntchito, bodza la pa CV likadziwika pambuyo pake ndi chifukwa chokwanira chochotsera munthu. Zimandiwawa kuona mwana amene makolo agulitsa chimanga ndi ziweto kuti amulipirire fizi akutaya mwayi chifukwa cha malangizo a anthu amene sadzakhalapo tsiku la intaviyu.

Ngati malikisi anu a maphunziro enieni a ntchito yanu ndi apamwamba, kapena a chaka chomaliza, mukhoza kuwalemba padera, koma mutchule poyera kuti iyi ndi avareji ya chaka chachinayi, osati ya digiri yonse. Ndipo nthawi zonse muzisonyeza muyeso, 2.93 pa 4.0, chifukwa masukulu ena amawerengera pa 5.0. Ngati sukulu yanu imapereka maperesenti okha, lembani maperesentiwo. Musawasandutse nokha kukhala GPA ndi timakalikuleta ta pa intaneti, chifukwa 65 wa kuno ndi 65 wa ku America sizilemera mofanana.

Akakufunsani pa intaviyu, musayambe kudandaula za lekichala, ngakhale atakhala kuti anali wovuta zedi. Nenani mwachidule: ndinalephera m'chaka chachiwiri, chifukwa chake chinali chakuti, ndinabwereza ndipo ndinapeza giredi yakuti. Ngati kunali matenda, maliro, kapena ngongole ya Loans Board inachedwa, nenani m'mawu awiri atatu basi, kenako muwaonetse magiredi a zaka zotsatira. Ine ndikaona transcript imene yayamba motsika n'kumakwera chaka ndi chaka, ndimakhulupirira mwini wake, chifukwa pali anzathu ambiri amene atagwa kamodzi anachotsedwa sukulu osabwereranso, pomwe inu munakhalanso m'kalasi ndi ana a m'mbuyo mwanu mpaka kukhoza.

Mukapita kwa registrar, pemphani transcript msanga musanayambe kuponya makalata, muione ndi maso anu ngati giredi yobwerezayo inalowetsedwa. Zimachitika kuti F yakale imatsalira m'kompyuta yatsopano osaikidwa, ndipo kukonzetsa kumatenga nthawi. Mukaipeza, ndilembereni ku inbox makirediti ndi magiredi okha, dzina mubise, tiwerengere limodzi.