Funsani Amisiri: Kufoleranso nyumba kumene namondwe amadutsa

Akuluakulu, kwathu ndi ku Angónia koma ndimakhala ku Beira, pafupi ndi nyanja ya mchere. Namondwe Idai anasasula denga langa mu 2019, ndinakhomanso malata omwewo, ndipo Eloise anachotsanso mbali ina mu 2021. Tsopano malata adyeka ndi dzimbiri ndipo ndikufuna kusintha denga lonse. Nyumba ndi ya mabuloko, mamita 7 mulifupi ndi 9 mulitali. Kodi ndigule malata a mtundu wanji kuti zisachitikenso? — Bambo wa ku Beira

Bambo, za malata tikuyankhani, koma si malata amene anakugwetsani m'mavuto kawiri konse. Denga limasasuka polumikizira: pamene lata lakhomedwa pa thabwa, pamene thabwa lakhomedwa pa linzake, ndiponso pamene denga lonse lakhala pa khoma. Mukagula malata okwera mtengo n'kuwakhoma mwa kale, namondwe wina adzawatenga ali atsopano.

Mphepo ikamadutsa pamwamba pa nyumba, denga imalikokera m'mwamba. Liwiro lake likawirikiza kawiri, mphamvu yake imawirikiza kanayi. Mphepo ya makilomita 160 pa ola, yonga imene Idai anafika nayo ku Beira usiku wa pa 14 Malichi 2019, imakankha ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 120 pa sikweya mita iliyonse, ndipo m'makona ndi m'mphepete mwa denga imakoka kuposa pamenepo. Lata la sikweya mita imodzi limangolemera makilogalamu pafupifupi 4 kapena 5. Choncho kulemera kwa denga sikungalisunge. Liyenera kumangika ngati unyolo, kuchokera pa lata mpaka pa khoma, popanda mphete yofooka.

Yambirani pa khoma. Mukachotsa denga lakale, onani ngati pamwamba pa mabuloko pali ring beam, konkire ya zitsulo yozungulira nyumba yonse. Ngati palibe, ikani musanagule lata ndi limodzi lomwe. Ikhale yokwera masentimita 20, ya zitsulo zinayi za mamilimita 10 kapena 12, zomangidwa ndi mphete za mamilimita 6 pa masentimita 20 aliwonse. Zitsulozo zipindidwe n'kulukana ndi za mizati ya m'makona. Ring beam yongokhala pamwamba pa khoma osagwirana ndi mizati itha kutukulidwa pamodzi ndi denga. Sakanizani ndowa imodzi ya simenti, ziwiri za mchenga ndi zitatu za miyala ya kwale. Mchenga wa m'mbali mwa nyanja musauyandikire ngakhale uli waulere, chifukwa mchere wake umadya zitsulo mkati mwa konkire, zikatupa ndi dzimbiri konkireyo imang'ambika. Pa chifukwa chomwecho, konkire iphimbe zitsulo masentimita osachepera 3 mbali zonse. Muziithirira madzi masiku 7 musanaikepo matabwa.

Konkire isanathiridwe, ikani zomangira denga. Pamene padzakhale truss iliyonse (chimango cha matabwa cha makona atatu chonyamula denga), kolowekani hoop iron, kachitsulo kopyapyala ka mamilimita 30 mulifupi ndi 1.6 kuchindikala, pansi pa zitsulo za ring beam, nsonga zake zitulukire pamwamba. Kenaka idzapindidwe pamwamba pa phaso n'kukhomedwa misomali inayi kapena kuposa mbali iliyonse. Akalipentala ambiri amangokhoma misomali iwiri mopendeketsa kuchokera pa phaso kulowa mu wall plate, thabwa logona pa khoma lija. Msomali wotere umalimba ukamakankhidwa cham'mbali, koma ukakokedwa m'mwamba umasololoka. Madenga amene amapezeka kuseri kwa nyumba ali athunthu, malata ndi matabwa ali chigwirane, amakhala atachokera pamenepa.

Popeza mukusintha zonse, sinthaninso kapangidwe. Denga lotsetsereka mbali zinayi limapirira mphepo kuposa la gebulo, chifukwa mphepo kulikonse kumene yachokera imapeza potsetsereka, pamene gebulo ndi khoma lalitali loima lokha limene limatha kugwera mkati. Denga logona kwambiri ndilo limakokedwa koposa. Litukuleni madigiri 30, kutanthauza kukwera masentimita 58 pa mita iliyonse. Pa nyumba yanu ya mamita 7, msonga ya denga ikwera mamita 2 kuchokera pa khoma. Malata asapitirire khoma ndi masentimita oposa 45, ndipo kunsi kwake mutseke ndi matabwa kuti mphepo isapeze pogwira. Khonde likhale ndi denga lakelake, lolumikizidwa ku khoma m'munsi mwa denga lalikulu. Tikudziwa kuti khonde la denga limodzi ndi nyumba limaoneka bwino, koma mphepo ikalowa kunsi kwake imayamba kufunyulula pamenepo n'kupitirira mpaka kuchipinda chogona.

Ma truss atalikirane mita imodzi, opangidwa ndi matabwa a 2x6 kapena 2x4 owuma bwino, opanda mfundo zazikulu, othiridwa mankhwala a chiswe. Polumikizira pake gwiritsani mabawuti kapena zidutswa za thabwa zokhomedwa mbali zonse ziwiri. Khomaninso matabwa opingasa kunsi kwa mapaso, kuchokera pakona kukwera ku msonga, kuti ma truss asagwere mbali imodzi. Mapalini, matabwa amene malata amakhomedwapo, akhale a 2x3, otalikirana masentimita 60 m'mphepete ndi pafupi ndi msonga, ndipo pakati asapitirire 90. Paliponse pamene palini yadutsa pa phaso, mangani ndi kachidutswa ka hoop iron. Ntchito imeneyi ndi yotopetsa ndipo mmisiri wa ganyu adzafuna kuidumpha. Kwerani makwerero mukaone ndi maso anu malata asanakhomedwe, chifukwa akakhomedwa simudzaonanso.

Tsopano malata aja. Nambala ya geji ikamakwera, lata limapyapyala: geji 30 ndi 32 ndi zong'ambika pa msomali, musagule. Funsani kuchindikala kwake m'mamilimita, ndipo kukhale 0.45 kapena 0.5. Pafupi ndi nyanja ya mchere malata wamba a zinki sachedwa kuchita dzimbiri. Gulani okutidwa ndi aluminiyamu wosakaniza ndi zinki, olembedwa AZ150 kunsi kwake, ndipo ngati ali openta kale kufakitale ndiye bwino koposa. Pakati pa a IBR (a misana yaitali yafulati pamwamba) ndi a mizere wamba, onse amagwira ntchito. A IBR ndi olimbirapo pa kuchindikala kofanana. Yesetsani kupeza aatali okwana kuchokera ku msonga mpaka m'mphepete, mamita 4.5 pa nyumba yanu, kuti pasakhale zolumikiza pakati. Ngati mulumikiza, lapamwamba liphimbe lapansi masentimita 20, ndipo polumikizapo pagwere pa palini.

Khomani ndi masikuluwu a washala ya labala, osachita dzimbiri msanga, a mamilimita 65 pa malata a mizere wamba kapena 85 mpaka 90 pa IBR, kuti alowe m'thabwa masentimita pafupifupi 4. Alowe pa msana wa lata, osati mu ngalande moyenda madzi. M'mphepete monse, m'makona ndi pa msonga, khomani msana uliwonse. Ku Beira ife tingakhome choncho denga lonse. Mangani mpaka labala itagwira bwino, koma isaphwanyike n'kutuluka m'mbali, pakuti yophwanyika imang'aluka ndi dzuwa n'kuyamba kudontha. Ngati masikuluwu akukulirani mtengo, tengani misomali ya malata yopotoka thupi, ndipo nsonga yotulukira kunsi kwa palini ipindidwe. Misomali yosalala ndiyo imene imadzuka yokha pang'onopang'ono lata likamagwedezeka.

Podula malata, gwiritsani sizasi ya malata. Gulayinda imawotcha chokutira m'mphepete ndipo imamwaza tizitsulo totentha timene timamatirira pa lata n'kusanduka madontho a dzimbiri mvula yoyamba ikangogwa. Madzulo aliwonse sesani tizitsulo ta pobowola. Ngati matabwa anu ndi obiriwira aja othiridwa mankhwala a kopa, yalani pulasitiki yakuda kapena pentani pamwamba pa mapalini, chifukwa kopa akakhudzana ndi malata pa chinyezi amawadya kuchokera kunsi.

Denga lanu likwana masikweya mita pafupifupi 90. Konzekerani masikuluwu 700 mpaka 800 ngati malata ndi a IBR (a mizere wamba amafuna ochulukirapo), hoop iron mamita pafupifupi 100, ndipo pa malata muonjezere limodzi pa 10 aliwonse chifukwa denga la mbali zinayi limataya zidutswa podula m'makona. Ndalama zikachepa, siyani penti ndi siling'i, koma ring beam, hoop iron ndi masikuluwu zisachepe. Mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa malata. Ntchitoyi igwireni pakati pa Meyi ndi Okutobala, pakuti nyengo ya anamondwe imayamba mu Novembala mpaka Epulo.

Nyumba imene bambo anga anatisiyira ku Quelimane ili ndi denga la lusalite. Namondwe Freddy anaswa mapepala angapo mu 2023. Ndiwachotse ndekha ndi ana anga? — Mayi wa ku Quelimane

Mayi, ana asakwere pamenepo. Lusalite wakale, mapepala a simenti ofolera nyumba, ali ndi ulusi wa asbestos, ndipo fumbi lake likalowa m'mapapo limayambitsa matenda, kuphatikizapo khansa, amene amaonekera patapita zaka zambiri. Komanso akakalamba amasweka munthu akapondapo. Pezani amisiri amene avale zotseka mphuno zenizeni za fumbi, ayale matabwa oyendapo, anyowetse mapepalawo ndi madzi, amasule mabawuti n'kutsitsa limodzilimodzi lili lathunthu. Asadule, asaboole, asaponye pansi. Zidutswa zikulungidwe mu pulasitiki zili zonyowa, ndipo funsani ku khonsolo ya mzinda kumene zingatayidwe. Musazigwiritse ntchito ngati mpanda wa dimba kapena khola la nkhuku.

Chenjezo lina: lusalite ndi wolemera kuposa malata, choncho matabwa amene ankamusunga mwina sanamangidwe ku khoma n'komwe. Mukaikapo malata opepuka, mangani monga tafotokozera bambo a ku Beira.

Ine ndili ku Nkhotakota, m'mphepete mwa nyanja ya Malawi. Nyumba yanga ndi ya njerwa zootcha zomangira dothi, yopanda ring beam. Kodi zimene mumalangiza a ku Mozambique zikundikhudza? — Mphunzitsi wa ku Nkhotakota

Aphunzitsi, za mchere sizikukukhudzani. Madzi a nyanja yathu alibe mchere wodya malata, ndiye malata a zinki a geji 28 yeniyeni akukwanirani. Za mphepo zikukukhudzani zonse. Mwera umaomba kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndipo umagwedeza malata tsiku ndi tsiku mpaka misomali kumasuka, kenaka mkuntho wobwera ndi mvula zoyamba umadzamaliza ntchito. Ndi nthawi imeneyo imene timamva za masukulu ndi matchalitchi osasuka madenga.

Khoma lomangira dothi lili ndi vuto lake: njerwa za pamwamba sizigwirana, ndiye waya womangidwa pa mizere iwiri yapamwamba umangonyamuka nazo. Tsikani masentimita osachepera 60 kuchokera pamwamba pa khoma, boolani, lowetsani mawaya awiri a mamilimita 4, muwakweze mbali zonse ziwiri za khoma n'kuwadutsitsa pamwamba pa wall plate ndi phaso, kenaka muwapote ndi kachitsulo mpaka atakungika. Mu bowolo ikani kachitsulo kapena kapaipi kuti waya asadule njerwa. Chitani choncho pa phaso lililonse, ndipo m'makona muwirikize. Musamange waya pamwamba pa zenera kapena chitseko pamene pali njerwa zochepa. Sunthirani pambali pamene khoma latsika mpaka pansi. Mukapeza ndalama, phwasulani mizere inayi yapamwamba muimangenso ndi simenti, kapena muike ring beam.

Pokhoma malata, yambirani kumpoto kumka kumwera, kuti lata lililonse lotsatira liphimbe linzake ndipo milomo yake ifulatire mwera. M'mbali aphimbane mzere umodzi ndi theka, kapena iwiri. Tsiku la mwera musakweze malata. Lata logwidwa ndi mphepo limagwetsa munthu pa denga ndipo limacheka.

Kwathu timasanjika miyala ndi matayala pa malata, ndipo ena amati namondwe akafika titsegule mazenera kuti mphepo idutse. Zoona zake ndi ziti? — Wowerenga wa ku Nsanje

Miyala imathandiza pa kamphepo wamba, koma pa namondwe lata limaitukula n'kuigwetsera pa anthu. Ngati nthawi yatha ndipo simungakonze denga, dutsitsani zingwe zolimba kapena waya pamwamba pa malata, motsata mapalini, n'kuzimangirira pa zikhomo zokumbiridwa pansi mbali zonse ziwiri. Matumba a mchenga amaposa miyala chifukwa sagubuduka.

Mazenera atsekeni. Zenera la mbali yochokera mphepo likatseguka kapena kusweka, mphepo imadzaza m'nyumba n'kukankha denga kuchokera kunsi pamene ya kunja ikulikoka pamwamba. Khomani matabwa pa magalasi, chitseko muchiikire mpiringidzo. Mphepo ikaleka mwadzidzidzi pakati pa namondwe, musatuluke kukakonza malata: likhoza kukhala diso la namondwe likudutsa, ndipo mphepo imabweranso ndi mphamvu yomweyo kuchokera mbali ina. Dikirani mpaka a zanyengo atalengeza pa wailesi kuti wadutsa.