Amalume anu sanadye ndalamazo

Achemwali, mwafunsa kuti zinatheka bwanji kuti amalume anu agwire ntchito zaka zonsezo ku Zimbabwe koma n'kubwerako chimanjamanja. Chonde musafulumire kuwaweruza. Ine ndinakulira ku Harare, makolo anga ndi a ku Dedza, ndipo za 2008 ndinaziona ndi maso angawa.

Ndalama inkatha mphamvu ili m'manja. Boma lenilenilo linalengeza kuti mu Julayi 2008 kukwera kwa mitengo kunafika pa 231 miliyoni peresenti. Bambo ankalawirira kukadali mdima kukaima pamzere ku banki, koma ndalama yomwe ankaloledwa kutapa patsiku nthawi zina sinkakwana n'komwe buledi. Mtengo wa kombi (minibasi) wa m'mawa unali wina, wa madzulo wina. Mayi akangogwira ndalama ankathamanga kukagula chilichonse chomwe achipeza, kaya mchere, kaya sopo, kuti mawa akasinthanitse ndi ufa. M'masitolo munali mbee kuyambira 2007 pomwe boma linalamula kuti mitengo itsitsidwe mokakamiza. Shuga ndi mafuta ophikira ankabwera ndi amayi ogona m'mabasi kuchokera ku Musina, ku Joni, kapena ku Francistown, ku Botswana. Kwathu tinkadya kamodzi, usiku, ndipo mayi ankayamba agawira ife ana, iwo n'kumati akhuta kale. Aphunzitsi anasiya ntchito, sukulu n'kuima. Kenako kolera inapha anthu oposa 4,000.

Chimene chinawamaliza akuluakulu ngati amalume anu ndi penshoni. Gideon Gono, yemwe anali mkulu wa banki yaikulu ya Zimbabwe, anachotsa maziro 10 pa ndalama mu Ogasiti 2008, enanso 12 mu Febuluwale 2009. Dziko litayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America ndi randi, zomwe munthu anasunga moyo wake wonse ku banki, ku penshoni ndi ku inshulansi zinasanduka fumbi. Palibe anazimwera mowa.

Kwa matchona kunali kowawa kwambiri. Ambiri anali a m'mafamu, ndipo mafamu atalandidwa kuyambira 2000 anataya ntchito ndi nyumba tsiku limodzi. Chitupa chawo chinkati ndi alendo ngakhale anabadwira komweko, komanso analibe mudzi wothawirako ngati anzawo achishona. Bambo anga pobwerera ku Dedza, ndalama ya basi anachita kuwatumizira mphwawo wa ku Joni, ndipo mpaka lero sakonda kufunsidwa kuti anabwera ndi chiyani.