Za tizitsulo totulutsa hydrogen mu ufa tija

Achimwene mwafunsa kuti anthu amavutikiranji kupanga tizidutswa ting'onoting'ono ta platinum kapena cobalt totulutsira hydrogen m'makemiko osangoponyamo chitsulo chachikulu, komanso ngati zimathekadi bwanji sitikuziona m'magalimoto. Ndiyankhe mmene ndimazimvera ineyo.

Hydrogen ndi gasi wopepuka heavy moti kuti akwane m'galimoto ngati Toyota Mirai amachita kumupanikiza mu thanki mpaka 700 bar (pafupifupi ka 700 kuposa mmene mpweya wotizungulirawu umapanikizira), apo ayi mumuziziritse kufika -253°C kuti akhale wamadzimadzi. Ndiye ena anati bwanji tingomumangirira m'makemiko ena. Ammonia borane ndi ufa woyera, pa kulemera kwake 19.6% ndi hydrogen yekhayekha. Sodium borohydride nawonso ndi ufa. Formic acid ndi yamadzimadzi, lita imodzi imasunga magalamu 53.

Koma akalowa umo satuluka chisawawa. Sodium borohydride mukamusungunula m'madzi othira sodium hydroxide amangoti phee, ngati mulibe kanthu. Ine ndinaziona koyamba mu labu, tinadonthezamo madzi a cobalt chloride apinki aja, pompo zonse zinada bii, thovu fwaa, gasi nkuyamba kukankha madzi mu chubu chomwe tinazondotsa. Zakudazo ndiye tizidutswa ta cobalt ndi boron tomwe tapangika momwemo, ndiye catalyst imeneyo, chinthu chofulumizitsa kuti makemiko asinthe icho osatha. Chomwe chimandisangalatsa nchoti theka la hydrogen wotulukayo sachokera mu ufa ayi, amachokera m'madzi mwathiramo aja.

Nanga bwanji ting'onoting'ono? Ntchito yonse imachitikira pamwamba pa chitsulo basi, pomwe kemikoyo akukhudza. Ma atomu a mkati angokhala, mwawagula koma palibe chomwe akupanga, ndipo platinum, palladium ndi ruthenium si zotchipa. Mukachepetsa kadutswa kufika ma nanomita awiri (nanomita ndi milimita yogawa ka 1 miliyoni) pafupifupi theka la ma atomu limakhala kunja, ena m'makona ndi m'mphepete momwe amagwira kemikoyo msanga. Chitsulo chochepa, ntchito yambiri.

Vuto lake tinthu timeneti sitikonda kukhala patokha, timamatana nkupanga zibuma ndiye mphamvu imatsika, mukagwiritsa kangapo mumaona thovu likuchedwa. Nchifukwa chake amatimwaza pa carbon, graphene, alumina kapena kutitsekera m'timabowo ta ma MOF, makemiko olimba okhala ndi timabowo tambirimbiri ngati siponji. Kwina borate, yemwe amatsala hydrogen akatuluka mu borohydride, amakuta pamwamba pa tizidutswato. Cobalt ndi nickel ndi zotchipa ndipo cobalt mutha kumukoka ndi maginito nkumutsuka, koma kawirikawiri sizithamanga ngati ruthenium.

Kwa formic acid nkhani si liwiro lokha. Imatha kusweka pawiri, kutulutsa hydrogen ndi CO2 zomwe tikufuna, kapena madzi ndi carbon monoxide. CO ameneyo ngakhale atachepa bwanji amakakamira pa platinum wa mu fuel cell (chipangizo chopanga magetsi kuchokera ku hydrogen) nkuifooketsa, amaphanso catalyst yomwe yamutulutsayo. Ndiye amasakaniza palladium ndi siliva kapena golide kuti izitsata njira yoyamba ija.

Tsopano za magalimoto. Anayesapo, mu 2001 DaimlerChrysler inaonetsa galimoto yotchedwa Natrium yoyendera sodium borohydride. Koma mu 2007 a Department of Energy ku America anagamula kuti njira imeneyi asapitirize nayo pa magalimoto. Catalyst sinali yolakwa kwenikweni. Hydrogen akatuluka mumatsala ndi sodium metaborate, amene amavuta kusungunuka ndiye pamafunika madzi ambiri, thanki nkulemera, ndipo kumubwezera kuti akhalenso borohydride kumadya mphamvu zoopsa. Apa mpomwe ine ndimatsutsana ndi anthu ongotamanda kuti catalyst yathu yatulutsa gasi mumphindi zochepa, chabwino yatulutsa, nanga zotsalazo muzitani?

Komwe ndikuona kuti zikuyenda ndi zamadzimadzi zobwezeka. Mu 2020 kampani ya ku Japan ya Chiyoda ndi anzake ananyamula hydrogen pa sitima kuchoka ku Brunei kupita ku Kawasaki ku Japan atamumangirira ku toluene kukhala methylcyclohexane. Kumeneko amamumasula ndi tizidutswa ta platinum pa alumina, pa kutentha kopitirira 300°C, toluene nkubwerera kukatenganso wina. Kutenthako nakonso kumafuna mphamvu, ndiye pakali pano zikukwanira m'mafakitale ndi m'madoko, osati pansi pa mpando wa galimoto.