Funsani Azakhali: Mnzanga wa m'chipinda akusunga chamba, ndikamunenere?

FUNSO: Azakhali, ndili chaka chachiwiri pa koleji ina ya mpingo kuno ku Zomba. Polowa tinasainira kuti mowa ndi chamba sitidzakhudza, kaya pasukulu kaya kunja. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi wayamba kumapita ku Chikanda Loweruka lililonse, pobwera usiku akudzandira. Sabata yatha ndikufuna sopo m'chikwama chake, ndinapeza chamba atachibisa m'botolo la Vaseline. Lamulo lathu limati chikapezeka m'chipinda, onse ogonamo amayankha mlandu. Iye akuti ali ndi zaka 22, boma linaloleza chamba, ndipo Paulo yemwe anauza Timoteo kuti azimwa vinyo. Fizi amamulipirira mayi ake amene amagulitsa tomato pa Songani. Ndikamunenere kapena ndingokhala chete?
Wosowa mtendere, Zomba

YANKHO: Mwanawe, kukhala chete ayi. Koma usathamangirenso ku ofesi mwakabisira ngati kazitape. Uyambe ndi iyeyo.

Pa za mowa ali ndi kamfundo ndithu: lamulo la dziko lino limalola munthu wa zaka 18 kugula mowa. Koma koleji ya mpingo ili ndi malamulo ake, ndipo dzanja limene linasaina ndi lake, palibe anamugwira. Vesi la 1 Timoteo 5:23 akuliwerenga theka. Paulo ankanena za vinyo pang'ono chifukwa Timoteo ankadwaladwala m'mimba, ndipo Paulo yemweyo pa Aefeso 5:18 akuletsa kuledzera.

Chamba ndiye nkhani ina, ndipo apa ndi pamene mtima wanga ukundipweteka. Achinyamata ambiri anamva pa wailesi kuti Nyumba ya Malamulo yavomereza chamba mu 2020, osamvetsetsa. Lamulo limene lija linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, ndipo wolimayo ayenera kukhala ndi chiphaso chochokera ku bungwe la boma loyang'anira za chamba la Cannabis Regulatory Authority. Kusuta kapena kupezeka nacho m'thumba ukadali mlandu wa kupolisi pansi pa lamulo la mankhwala oopsa la Dangerous Drugs Act. Kabotolo kameneko kangathe kumuchotsa m'kalasi n'kukamuimika pamaso pa majisitireti, iwenso uli pambuyo pake, chifukwa chipindacho n'chanu nonse.

Ndinalera mwana wa mchimwene wanga, mnyamata wanzeru amene ankatsogolera kwaya. Anzake ankadziwa zonse koma ankamubisa, ati kumukonda. Ife tinadzadziwa atasiya kusamba, akulankhula yekha usiku pakhonde. Ndinamuperekeza ndekha ku Zomba Mental Hospital, nditanyamula thumba la zovala zake ndi fulasiki ya tiyi. Anachira, tithokoze Mulungu, koma sukulu inathera pomwepo. Anzake aja atabwera kudzamuzonda, m'modzi analira, nati akanadziwa akanatiuza msanga. Si aliyense wosuta amafika pamenepo, koma amene anayamba ali wamng'ono ndi amene amasuta pafupipafupi ndi amene ali pa chiopsezo chachikulu, makamaka akamaphatikiza ndi mowa waukali.

Tsono chita izi. Umupeze m'mawa ali bwinobwino, osati usiku wa Loweruka. Umuuze maso ndi maso kuti wachiona, kuti m'chipinda mwanu chichoke lero lomwe, ndipo kuti pofika Lachisanu mupite limodzi kwa abusa a pasukulupo. Akakana, umuuze poyera kuti iwe upita wekha, asadzati unamudyera kumbuyo. Akwiya, mwina akutcha dzina, mwina masiku angapo osakulankhula. Pirira. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu mzimire, ndipo wozimitsa moto nayenso amawauka zala.

Usanapite, tenga kabuku ka malamulo kamene anakupatsani polowa, uwerenge bwino gawo la chilango. Uone ngati muli chenjezo loyamba, uphungu kapena kuimitsidwa kwa kanthawi, chifukwa munthu wobwera yekha kudzapempha thandizo amamumvera mosiyana ndi wogwidwa pa chipikisheni. Kwa abusa ukanene zimene waona ndi maso ako basi, za m'maluwa usawonjezerepo.

Kwa inu oyendetsa makoleji a mipingo, ndikupempheni: mwana akabwera yekha kudzaulula, musayambe ndi kalata yomuchotsa. Mukatero, ena onse aphunzira kubisa.

Ndipo mwanawe, pokambirana naye uwatchule mayi ake aja. Umufunse kuti mabeseni angati a tomato anagulitsidwa pa Songani kuti fizi ya temu ino ikwane. Ukatero udzandilemberenso, ndimve mmene mwayendera.