Kodi mwana wa kuno angakafike ku Antarctica?

FUNSO: Akonzi, ndili Fomu 4. Aphunzitsi athu anatiuza kuti ku Antarctica kumakhala asayansi chaka chathunthu. Ndiyambire pati kuti ndidzakafikeko? Wowerenga wanu, Luchenza.

YANKHO: Mwanawe, njira ilipo, koma siyambira pa Chileka. Malawi ilibe siteshoni ya kafukufuku ku Antarctica. South Africa ili nayo, dzina lake SANAE IV, yomwe inatsegulidwa mu 1997 pamwamba pa thanthwe la Vesleskarvet. Sitima ya SA Agulhas II imanyamuka ku Cape Town cha mu Disembala, madzi oundana a panyanja akachepa, n'kukasiya kagulu ka anthu pafupifupi 10 oti akakhaleko kupitirira chaka.

Ambiri sadziwa kuti m'kaguluka muli dokotala, amakaniko a dizilo ndi mainjiniya a magetsi ndi zipangizo. Ntchito zimenezi kawirikawiri zimafuna nzika za dziko lomwe lili ndi siteshoniyo. Khomo la Mmalawi ndi kafukufuku.

Choncho limbikira masamu ndi Physics pa MSCE. Ku MUST, ku Ndata konkuno, kuli maphunziro a zanyengo ndi a sayansi ya miyala. Ukamaliza, funa Masters kapena PhD ku yunivesite ya ku South Africa, kwa pulofesa amene ali kale ndi polojekiti ya ku Antarctica. Apa m'pamene ambiri amaphonya: amasankha yunivesite yotchuka, pamene malo a m'sitima amapatsidwa kudzera m'polojekiti. Phunziranso Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a pakompyuta, chifukwa ntchito yambiri ndi kusanthula manambala pakompyuta, ndipo ena amamaliza PhD osapondako n'komwe.

Za kuzizira, iwala chiperoni cha mu Juni. Ku siteshoni ya Vostok anayezako madigiri 89.2 pansi pa ziro mu 1983. Mabatire amatha msanga, dizilo wamba amauma ngati phala logona. Madzi akumwa ndi osamba mumachita kufosholera chipale m'thanki yosungunulira, mosinthana, kaya ndiwe dokotala kaya injiniya. Pakati pa chaka dzuwa silituluka kwa miyezi iwiri kapena kuposerapo, tulo timasokonekera, ndipo timikangano tating'ono timakula.

N'chifukwa chake asanakutenge amakupima thupi lonse, maganizo, mpaka mano. Dzino lobowoka likayamba kuwawa mu Julaye, sitima idzabwera mu Disembala kapena Januwale.