Mafilimu oopsa akale a ku Philippines anapita kuti?

Imelo ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Zomba, ndipo ndaidula pang'ono kuti isatalike:

"Ndimakonda kuonera masewero a ku Philippines pa TV. Tsiku lina ndinapeza pa YouTube filimu yawo yakale yoopsa, ya mkazi amene amaduka m'chiuno n'kumauluka usiku. Zithunzi zake zinali zachimbuuzi, mawunso osamveka bwino, koma tulo sindinatione. Ndafufuza ena akale kuposa ameneyu, sakupezeka. Anapita kuti? Nanga ndiyambire pati? Bambo a kunyumba akuti kukonzanso mafilimu a zilombo zamphira n'kungotaya ndalama. Akunena zoona?"

Zikomo mayi. Ndiyambe ndi nkhani yowawayo: ambiri mwa mafilimu mukufunawo sakupezeka chifukwa kulibe. Sikuti wina anawabisa kapena akudikira kuti mulipire. Anapsa, anavunda, ena anagulitsidwa pa sikelo.

Chilombo munachionacho amachitcha manananggal. Masana ndi mkazi wabwinobwino, nthawi zambiri wokongola. Kukada amapita pobisika, thupi limaduka pakati, kumsana kumamera mapiko a mleme, ndiye mbali yakumtunda imanyamuka matumbo ali lendee, miyendo itatsala chilili pansi. Amakatera padenga la nyumba imene muli mayi woyembekezera n'kutsitsa lilime lalitali lowonda kudzera pa kabowo. Mankhwala ake ndi kupeza miyendo ija n'kuthirapo mchere, adyo kapena phulusa kuti asalumikizikenso, dzuwa likatuluka afe. Ife amene tinakula tikumva za anthu ouluka pa lichero sitifunika wotimasulira kuti mantha otere amagwira pati: woopsayo si mlendo, ndi munthu amene munapatsana naye moni masana omwewo.

Ndikuganiza kuti munaonera chigawo chomaliza cha Shake, Rattle & Roll ya mu 1984, chimene anatsogolera ndi Peque Gallaga. Ngati ndi chomwecho, kumbukirani agogo aja amene ali m'nyumba ndi anyamata. Amene anasewera ngati agogowo ndi Mary Walter. Mayi ameneyu ndi yemwenso anasewera ngati chilombocho mu Ang Manananggal ya mu 1927, filimu yopanda mawu ya José Nepomuceno, imene ambiri amaiwerenga kuti ndiyo filimu yoopsa yoyamba ya dzikolo. Patapita zaka 57, anamuika mbali ya oteteza ana ku chilombo chomwe chija. Ya 1984 ija mwaionera. Ya 1927 palibe wamoyo amene angakuonetseni. N'chimodzimodzi ndi Ang Aswang ya mu 1933 ya George Musser, yomwe imatchulidwa ngati filimu yoyamba yokhala ndi mawu yopangidwa ku Philippines, komanso Dalagang Bukid ya mu 1919 imene mbiri ya mafilimu awo imayambira. Pa mafilimu mazanamazana amene anapangidwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse isanafike kumeneko, athunthu otsala sakwana n'khumi omwe. Imodzi mwa iwo, Zamboanga ya mu 1937, anachita kukaipeza ku Library of Congress, laibulale yaikulu ya boma la America.

Zifukwa zake zinachita kusanjikizana. Filimu yakale inkajambulidwa pa nsambo ya nitrate, yomwe imayaka mosavuta ndipo ikayaka madzi sauzimitsa motowo. Kenako mu February 1945 mzinda wa Manila unasanduka bwinja pamene asilikali a America ndi a Japan ankaulimbirana. Nkhondo itatha kunabwera nsambo ya acetate, yosayaka chisawawa, anthu n'kumati vuto latha. Koma acetate ili ndi matenda akeake. Ikakhala pamalo otentha ndi achinyezi imayamba kutulutsa asidi, ndipo mukatsegula chitini chake mumalandiridwa ndi fungo la viniga. Nsamboyo imakwinyika, imauma, zithunzi zimasweka, mwinanso yonse imamatana n'kukhala chibuma chimodzi. Asidi wa chitini chimodzi amafulumizitsa kuwonongeka kwa zitini zoyandikana nacho. Onjezeranipo chuku ndi madzi osefukira a mphepo zamkuntho zimene zimaomba dzikolo chaka ndi chaka.

Komabe nyengo tisaisenzetse mlandu wonse. Makampani akuluakulu a nthawi imeneyo, monga Sampaguita, LVN ndi Premiere, ankatulutsa mafilimu mothamanga, ndipo kwa eni ndalama ambiri filimu inali katundu wogulitsa kamodzi. Ikazungulira m'matauni n'kutha fasho, zitini zake zinkangodya malo. Zina ankazigulitsa kwa anthu ochotsamo siliva, ndipo anthu osunga mafilimu kumeneko amasimba kawirikawiri za nsambo zimene zinkadulidwa n'kupangira timalipenga ta ana toliza pa chaka chatsopano. Boma la pulezidenti Ferdinand Marcos linayambitsa nkhokwe ya mafilimu m'zaka za m'ma 1980, koma sinapite patali bomalo litagwa mu 1986. Gulu la SOFIA, la anthu odzipereka pa ntchito yosunga mafilimu, linayamba mu 1993, pomwe nkhokwe ya dziko imene lero ikutchedwa Philippine Film Archive inadzakhazikitsidwa mu 2011 pansi pa FDCP, bungwe la boma loona za mafilimu. Kuchoka 1919 kufika 2011 ndi zaka 92.

Tsono chimene chimandisowetsa mtendere ndi ichi: amene anapulumuka si amene anali abwino koposa, kapena amene eni dziko ankawakonda koposa. Anapulumuka amene kope lake linatuluka kunja, kapena linagwera m'manja mwa munthu wamakani wokhala ndi chipinda chozizira.

Taonani za Gerardo de León. Ameneyu ndi mmodzi mwa akuluakulu enieni a mafilimu a ku Philippines, ndipo boma linamupatsa ulemu wa National Artist atamwalira. Filimu yake ya Daigdig ng mga Api ya mu 1965, yonena za anthu oponderezedwa, inalandira mphoto yaikulu kwawoko, koma lero inasowa. Pomwe mafilimu amene anapanga ndi Eddie Romero pofuna msika wa ku America, monga Brides of Blood ndi Mad Doctor of Blood Island a kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, alipo bwinobwino, owala, pa Blu-ray ya kampani ya Severin. Awa ndi a zilombo zamphira enieni, aja akunena bambo a kunyumbawo. Poonetsa Mad Doctor ku America ankagawira anthu timadzi tobiriwira kuti amwe ngati lumbiro filimu isanayambe, ndipo Terror Is a Man ya mu 1959 inali ndi belu lochenjeza amantha kuti atsinzine pofika pamalo oopsa. Munthu wongodziwa de León kudzera m'mafilimu amenewa angamuyese wamalonda wamba, osadziwa kuti theka lina la ntchito yake linadyedwa ndi viniga.

Pakati pa zotumiza kunjazo pali ziwiri zimene ndimazilemekeza. Yoyamba ndi Kulay Dugo ang Gabi ya mu 1964, imene kunja imadziwika kuti The Blood Drinkers. Filimu yamitundu inali yodula, ndiye de León anajambula zigawo zochepa zokha mwamitundu, zina zonse zakuda ndi zoyera n'kuzinyika mu utoto. Usiku ndi wabuluu. Wopopa magazi uja, Dr. Marco, wadazi, wovala magalasi akuda, akayandikira, chinsalu chonse chimafiira kuti psuu. Umphawi unabala luso pamenepa, moti ine sindingafune kuti wina adzaikonze n'kuipatsa mitundu yachibadwa. Yachiwiri ndi Ibulong Mo sa Hangin ya mu 1966, kunja Curse of the Vampires. Banja lolemera la m'nyumba yaikulu yachisipanishi likubisa mayi awo m'chipinda chapansi, omangidwa unyolo, chifukwa anasanduka opopa magazi, ndipo temberero likuyenda kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana. Mayi omangidwawo ndi Mary Walter yemwe uja. Ndikuchenjezeni kuti antchito a m'nyumbamo ndi anthu opakidwa zakuda kumaso kuti aoneke ngati akapolo achikuda, ndipo zimanyansa kuonera. Sindingakondwe wokonzanso atazidula. Zikhale momwemo, zioneke kuti zinachitika. Chinanso, makope ofala a mafilimu awiriwa ndi aja analowetsedwa mawu achingerezi ku America, kotero mukumva mawu a anthu ena pakamwa pa Amalia Fuentes ndi Eddie Garcia.

Za munthu wamakani ndi chipinda chozizira, chitsanzo ndi Mike de Leon. Agogo ake aakazi, Narcisa de Leon, anali mmodzi mwa eni LVN, ndiye iye anakulira pafupi ndi malo otsukira mafilimu ndipo ankadziwa chimene kutentha kumachita. Negetivu ya Maynila sa mga Kuko ng Liwanag ya Lino Brocka, imene iye anali wojambula komanso mwini ndalama, inakasungidwa ku BFI, bungwe losunga mafilimu la ku Britain, n'chifukwa chake zinatheka kuikonzanso mu 2013. Filimu yake yoyamba kutsogolera, Itim ya mu 1976, inakonzedwa ku L'Immagine Ritrovata mumzinda wa Bologna ku Italy, n'kukaonetsedwa pa chikondwerero cha mafilimu cha Cannes ku France mu 2022.

Itim mulibe chilombo ngakhale chimodzi. Mnyamata wojambula zithunzi akupita kumudzi pa Sabata Yoyera kukaona bambo ake, dokotala amene anafa ziwalo ndipo salankhulanso. Akujambula miyambo ya tchalitchi, kamera yake ikugwira mtsikana wina, Teresa, amene mkulu wake anasowa osadziwika kumene anapita. Teresa amayamba kulankhula ndi kuchita zinthu zosakhala zake. Mantha onse ali m'nyumba yakale yamatabwa, m'zifanizo za oyera zoimirira mumdima, m'nyimbo za masautso a Yesu zimene anthu akuimba usiku osalekeza, ndi m'maso mwa bambo aja amene akudziwa kanthu koma pakamwa panatsekeka. Charo Santos, amene anasewera Teresa, inali filimu yake yoyamba, ndipo pambuyo pake anadzakhala mkulu wa ABS-CBN, kampani yaikulu ya TV kwawoko.

Filimu ngati imeneyi ndiyo imaonetsa chifukwa chake kope la pa YouTube silikwanira. Makope ambiri otere anachokera pa matepi a Betamax kapena VHS, ena anajambulidwa pa TV, m'mbali mwake modulidwa. Sewero lachikondi lojambulidwa masana limapirira zimenezi. Filimu yoopsa imakhala mumdima, ndipo tepi yotopa imasandutsa mdima wonse kukhala phala limodzi lakuda. Wojambula anaika nkhope pakona ya chipinda kuti muione mochedwa, mtima udumphe. Pa kope lotopa nkhopeyo palibe. Sindikunyoza amene amaika makope amenewa, poti pa mafilimu ena tepi yotopayo ndi yokhayo yatsala padziko. Koma kuika pa intaneti si kusunga. Tsamba likhoza kutsekedwa mawa.

Bambo a kunyumba akunena zoona pa mbali imodzi: ntchitoyi ndi yodula, ndipo ambiri mwa mafilimuwa ndi ofooka. Sekondi imodzi ya filimu imakhala ndi zithunzi 24, kutanthauza kuti filimu ya ola limodzi ndi theka ili ndi zithunzi pafupifupi 130,000. Nsambo iyenera kutsukidwa, kusokedwa pomwe inang'ambika, kujambulidwa pa makina chithunzi chimodzichimodzi, kenako anthu akhale pa kompyuta miyezi akuchotsa zokanda ndi madontho a chuku, kubwezeretsa mitundu ndi kuyeretsa mawu. Pomwe ndikusiyana nawo ndi apa: maganizo akuti filimu ya mizukwa ndi yachabechabe ndi omwewo anataitsa Ang Manananggal. Ndalama zikachepa, osankha amayamba ndi mafilimu a mphoto, oopsa n'kutsalira kumapeto kwa mzere, chonsecho ndi amene anthu wamba ankadzazana kukaonera. Shake, Rattle & Roll yatuluka maulendo oposa 15, kawirikawiri pa Khirisimasi, pa chikondwerero cha Metro Manila Film Festival, mabanja athunthu akupita kukakuwa limodzi. Wofuna kudziwa zimene Afilipino ankaopa, mmene Chikatolika chinakhalira nyumba imodzi ndi zikhulupiriro za makolo awo, ngakhale mmene khitchini ya mu 1984 inkaonekera, azipeza m'menemu.

Ndipo ntchitoyi siili pabwino. Nthambi ya ABS-CBN yokonzanso mafilimu, yodziwika kuti Sagip Pelikula, motsogozedwa ndi Leo Katigbak, inayamba mu 2011 ndipo inakonza mafilimu oposa 200, kuphatikizapo Himala ya Ishmael Bernal. Mu 2020 nyumba ya malamulo inakana kuwonjezera chiphaso choulutsira cha kampaniyo, ndalama zinauma, ndipo mu 2025 nthambiyo inatsekedwa.

Poyambira, bwererani kaye ku Shake, Rattle & Roll yomweyo mukaonere chigawo chapakati, Pridyider, cha Bernal. Ndi nkhani ya firiji imene imadya anthu. Mukamva chonchi museka, koma onerani mmene akuijambulira ikungolira payokha m'khitchini usiku. Mukatero funani Tiyanak ya mu 1988 ya Gallaga ndi Lore Reyes, ya khanda lotoledwa limene si khanda, momwe Janice de Belen akulilera ndi mtima wonse pamene agogo, Mary Walter kachinayi, akuchenjeza popanda womvera. Patayin Mo sa Sindak si Barbara ilipo iwiri: ya 1974 ya Celso Ad. Castillo yokhala ndi Susan Roces, ndi ya 1995 ya Chito Roño, imene dzina lake lilibe mawu akuti Mo. Nkhani ndi imodzi, ya mkazi wansanje amene anadzipha n'kubwerera kudzazunza m'bale wake kudzera mwa mwana ndi chidole chake. Ine ndimakonda ya 1974, ngakhale yosavuta kupeza yooneka bwino ndi ya 1995. Kenako awiri a Gerardo de León aja, ndipo Itim muisungire kumapeto, mutazolowera kayendedwe kawo kodekha. Ikakukomerani, pitirizani ndi Kisapmata ya mu 1981 ya Mike de Leon yemweyo, imene mulibe mzukwa koma bambo wopuma pa ntchito yaupolisi amene salola mwana wake wamkazi kuchoka pakhomo ngakhale atakwatiwa. Pa onse ndatchulawa, imeneyi ndiyo inandiopsa kwambiri. Pofufuza lembani maina onse awiri, la Chitagalogi ndi lachingerezi, chifukwa filimu imodzi imapezeka pansi pa maina osiyana, ndipo musanawononge bandulo yanu yang'anani kaye ngati kopelo lili ndi mawu omasulira pansi.