Kwa mayi a ku Santhe amene afunsa zolanda mafoni pakhomo

Mayi ena a ku Santhe anditumizira email sabata yatha. Akuti mapemphero a madzulo kunyumba kwawo anatha okha, amuna awo amakhala ali pa foni, anyamata awo awiri nawonso pa foni, iwo akatsegula Baibulo aliyense amangoti tikumva pitirizani. Ndiye akufunsa ngati angalande mafoniwo.

Mayi, email yanuyi ndinaiwerenga ndili mu kashopu kanga pa Kasungu boma pano ndipo ndinakhala kaye chete, chifukwa bambo amene mukuwanenawo ndinali ine ndendende. Ine ntchito yanga ndi ya Airtel Money ndi Mpamba, mafoni ndimayenda nawo atatu, ndiye munthu akandiuza kuti foni ndi ya satana ndimangomusiya, fizi ya ana anga imachokera momwemo.

Koma mu 2019 bambo anga anabwera kudzationa kuchokera ku Chamama. Anali atagulitsa fodya wawo ku Chinkhoma, anatitengera thumba la mtedza ndi nkhuku, ankati akhala sabata yonse. Nthawi ya msika wa fodya ndi imene ife a ma agent timagwira ntchito yeniyeni, alimi akutapa ndalama, floti, ndalama zimene agent amagwirira ntchito, ikutha, uyu akuimba uyo akuimba, ndiye masana ndinkawakhazika pa benchi kushopu ine maso pa foni. Madzulo tafika kunyumba akazi anga apika nsima ya nkhuku yomweija, ine dzanja lina ku nsima lina likuyankha ma group. Bambo ankayamba nkhani ya malire a munda wathu, yoti pali anthu akulowerera cha kudambo, ine nkumangoti eee, eee. Tsiku lachitatu m'mawa ndinawapeza atamanga kale kachikwama kawo. Nditawafunsa anandiyankha mofatsa, opanda mkwiyo, kuti "iwe, ndinabwera kudzaona mwana wanga koma masiku atatu onsewa ndangoona paliwombo pako." Ndinawaperekeza kudepoti, ndinawalipirira minibasi, ndipo ngakhale pamenepo ndinayankha foni kawiri. Anatisiya mu 2021. Malire aja mpaka lero timakangana nawo anthu kumudzi chifukwa amene ankadziwa pamene panali mtengo wa chizindikiro anandiuza ine ndekha, usiku umene uja, ndipo sindikukumbukapo kanthu.

Mwina mukuganiza kuti ndinasintha pompo. Ayi. Chimene chinandigwira ndi mdima. Mukukumbuka mu January 2022 namondwe Ana ataononga ku Kapichira, ma megawatt pafupifupi 130 anachoka, magetsi nkumazima maola ambirimbiri chaka chonse chija. Batire ndinkaisungira makasitomala, ndiye madzulo mafoni ndinkathimitsa. Tinkakhala pakhonde ndi katochi kamodzi, ndipo ndi mumdima umenewo mmene ndinamva koyamba kuti mwana wanga wamkazi, anali Standard 6 nthawi imeneyo, amaimba alto bwino kwambiri, komanso kuti wamng'ono ankaopa kupita kusukulu chifukwa anzake ankamulanda kamba. Miyezi yambiri mwana akuvutika, ine bambo wake ndili naye nyumba imodzi.

Pa Deuteronomo 6:7 Mulungu akuuza makolo kuti mawu ake aziwalankhula kwa ana pokhala pansi m'nyumba, poyenda panjira, pogona ndi podzuka. Taziwerengani nthawi zinayi zimenezo. Tikakhala pansi tili pa WhatsApp, panjira mahedifoni m'makutu, pogona TikTok mpaka foni kutigwera pamphuno, podzuka tisanati nkomwe zikomo Ambuye tayamba taona ma status. Mose sanatchule za kachisi pa vesi imeneyi, anatchula timipata ta tsiku wamba, ndipo timipata timeneto ndi timene foni inatenga tonse.

Ndipo apa ndinena zimene ena sakondwa nazo. Ife a mpingo tikuthandizira nawo vutoli. Ine ndekha ndili mu group ya mlaga, ya kwaya, ya madodana, ya chitukuko, ya zamaliro, ina ya komiti ya Paper Sunday imene inatha kalekale koma anthu akutumizabe zithunzi za maluwa. Munthu umatha ola lathunthu ukulemba Amen pansi pa mauthenga nkumadziona ngati wapemphera. Kenako pali ma live a pa Facebook a usiku, mneneri ali ku Pretoria kapena ku Lagos, mayi ali m'chipinda ndi foni akufuula I receive, ana ali pabalaza okha akuonera zimene akudziwa okha, Lachinayi ku chigwirizano osaoneka, wodwala wa nyumba yoyandikana nayo osakamuzonda. Sindikunena kuti ulaliki wa pa intaneti ndi woipa, ine ndinalimbikitsidwa nawo pa maliro a bambo anga. Koma sungalowe m'malo mwa kukhala pamphasa ndi ana ako, sungathe basi. Za Baibulo la mufoni ndiye ndinasiya kunyengerera. M'tchalitchi ndimakhala kumbuyo nthawi zina ndipo ndimaona, abusa akuwerenga Aroma, mkulu wa mpingo chala chikutsetsereka pa zigoli za Arsenal. Pa mapemphero a pabanja Baibulo likhale la mapepala, ngakhale Buku Lopatulika lakale lothothoka chikuto, chifukwa ilo silikulandira message pakati pa vesi.

Chinanso mayi, mufufuze modekha chimene anyamata anuwo akuchita pa fonipo. Pashopu panga pamabwera ana a sekondale kudzaika K500, K1,000, kangapo pa tsiku, ndipo ndimadziwa kuti ndi za kandege, masewera obetcha a pa foni aja. Ena ndimawabweza, amangopita kwa agent wina. Paulo pa 1 Akorinto 6:12 ananena kuti zinthu zikhoza kukhala zololedwa koma iye salola kulamulidwa ndi chilichonse, ndipo mwana amene akubetcha ndalama ya sopo walamulidwa kale, ameneyo nkhani yake yaposa ya mapemphero a madzulo.

Nanga mulande kapena ayi?

Musalande, makamaka ya amuna anu, mungoyambitsa nkhondo ndipo ana adzaona kuti kupemphera ndi chilango. Lankhulani ndi bambowo panokha ana kulibe, osati pa nthawi imene foni ili m'manja, ndipo muwapemphe iwowo kuti ndiwo aziyamba kuika yawo pansi, anyamata amatsata bambo awo kuposa mawu anu. Kwathu tili ndi kabasiketi pamwamba pa kabati, nsima ikafika mafoni onse amalowa mmenemo, anga atatu poyamba, amatuluka tikatha kupemphera. Ndi mphindi 40 zokha. Mapempherowo afupikitseni, nyimbo imodzi, ndime yaifupi, ndipo aziwerenga ndi anawo mosinthana. Usiku mafoni a ana azigona pabalaza.

Makasitomala ena anadandaula poyamba, wina anachita kubwera kudzagogoda pageti 7 koloko usiku kuti bwanji simukuyankha ndikufuna kutapa, ndinamuuza kuti adikire panja kapena alowe apemphere nafe. Analowa, anakhala pampando wa pakona chipewa chili m'manja mpaka tinamaliza. Masiku ena timalephera, ndisakunamizeni, makamaka mwezi ukatha ndi nthawi ya fodya, akazi anga amangondiyang'ana nkuloza kabasiketi kaja.

Ngati bambowo akana, yambani ndi mwana mmodzi amene angavomere, ngakhale wamng'onoyo, muzikhala pomwepo pabalaza pamene iwo akhala. Mundilemberenso pakatha mwezi mundiuze mmene zikuyendera, ndipo za kandege zija musachedwe nazo, mufunseni mnyamata wamkuluyo sabata yomwe ino.